Chipata Chimene Mtsinje Udachithawa: Mbiri ya Dera la Villiers Street mu Mzinda wa London

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewu sugwira ntchito kudambo kokha ayi, komanso pakati penipeni pa mizinda ikuluikulu, pamene anthu amayenda mothamanga ngati akuthawa njuchi. Mu mzinda wa London muli kamsewu kena kotsetsereka kotchedwa Villiers Street, kamene kamachokera pa msewu waukulu wa Strand n'kutsikira ku mtsinje wa Thames, kulambalala siteshoni ya sitima ya Charing Cross. Anthu zikwizikwi amadutsa m'kamsewuka tsiku lililonse, ndipo ambiri a iwo amangoona masitolo ndi malo odyera basi.

Kumunsi kwa kamsewuka, pa nambala 47, kuli malo omwera vinyo otchedwa Gordon's Wine Bar, amene adatsegulidwa m'chaka cha 1890 ndipo amadziwika kuti ndi akale kuposa malo ena onse a mtundu wake mu London. Kuseri kwa malowa, m'mphepete mwa munda wa maluwa, kwaima chipata chamiyala chokongola kwambiri. Chipatacho adachimangira kuti mabwato azikocheza pamenepo, koma lero chili pouma, ndipo madzi ali patali mamita oposa 100. Wodekha amafunsa kuti: kodi chipata cha mabwato chikufunanji pakati pa maluwa? Yankho la funso limeneli ndiyo mbiri yonse ya derali.

Gombe la mabishopu

Mayina a malo amasunga zimene maso sangathenso kuona. M'Chingerezi chakale, liwu lakuti Strand limatanthauza gombe, ndipo dzina lakuti Charing lidachokera ku liwu lotanthauza kukhota, chifukwa apa ndi pamene mtsinje wa Thames umapinda. Kalelo mtsinjewu udali wotambalala, wa matope ambiri, ndipo madzi ake ankakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku motsatira nyanja yamchere, monga achitira mpaka lero.

Msewu wa Strand unkalumikiza malo awiri ofunika: kum'mawa kudali mzinda wa amalonda, kumadzulo kudali Westminster, kwa mfumu ndi bwalo lake. Munthu aliyense wofuna kukhala pafupi ndi chuma ndiponso pafupi ndi mfumu ankafuna malo pakati pa ziwirizi. Choncho kuyambira zaka za m'ma 1200, mabishopu adayamba kumanga nyumba zawo zikuluzikulu motsatira gombeli. Khomo lenileni la nyumbazi silinkayang'ana kumsewu, popeza msewuwo udali wa matope, wa maenje ndi wa akuba. Linkayang'ana kumtsinje, chifukwa munthu wolemekezeka ankayenda pa bwato.

Imodzi mwa nyumbazi idali ya bishopu wa ku Norwich. Mfumu Henry VIII idailanda n'kupatsa mlamu wake, Charles Brandon, m'chaka cha 1536. Patapita zaka 20 nyumbayo idaperekedwa kwa bishopu wamkulu wa ku York, ndipo kuyambira pamenepo idatchedwa York House. Nduna zosunga chidindo cha mfumu zinkakhalamo mochita kubwereka, ndipo m'nyumba imeneyi ndi mmene mudabadwira Francis Bacon m'chaka cha 1561. Bacon adakula kukhala katswiri wa malamulo ndi wa nzeru zakuya, mpaka adafika pa udindo wa mkulu wa oweruza onse m'chaka cha 1618. Koma m'chaka cha 1621 adapezeka wolakwa pa mlandu wolandira ziphuphu, nachotsedwa pa udindo. Nyumba imene adabadwiramo, imenenso ankaikonda kwambiri, adakakamizidwa kuisiya. Amene ankaisirira adali ataima kale pakhomo.

Khoswe wa pamkhate

Munthuyo adali George Villiers, mwana wa banja losatchuka kwenikweni, amene Mfumu James I idamukonda chifukwa cha maonekedwe ake ndi kukoma kwa pakamwa pake. M'zaka zosakwana khumi adakwezedwa kuchoka pa wopereka chikho kwa mfumu kufika pa mkulu wa zombo zonse zankhondo, ndipo m'chaka cha 1623 adapatsidwa ulemu wa Duke of Buckingham, umene ndi wapamwamba kwambiri pakati pa anthu amene si a banja lachifumu. James atamwalira, mwana wake Charles I adapitiriza kumukonda chimodzimodzi.

Nkhondo zimene Buckingham adatsogolera zidatha mochititsa manyazi, ndipo asilikali ambiri adafa pachabe. M'chaka cha 1626 aphungu a Nyumba ya Malamulo adafuna kumuimba mlandu, koma mfumu idasankha kuthetsa Nyumbayo kusiyana ndi kupereka bwenzi lake. Paja khoswe akakhala pa mkhate sapheka. M'chaka chomwecho, dziko likudandaula, mkuluyu adamangitsa chipata chatsopano cha kumtsinje, chimene chimatchedwa York Watergate.

Chipatachi adachimanga ndi mwala woyera wochokera ku chilumba cha Portland, potsatira kamangidwe ka ku Italy kamene panthawiyo kadali kachilendo ku England. Chili ndi makomo atatu okhota pamwamba ngati uta: lapakati ndi lalikulu, lodutsirapo anthu, ndipo awiri a m'mbali ndi ang'onoang'ono. Mbali yoyang'ana kumtsinje ili ndi nsanamira zomangidwa ngati zavala zibangili za miyala yokhakhala, kuti chipatacho chizioneka cholimba ngati thanthwe lotuluka m'madzi. Pamwamba pali chizindikiro cha banja la Villiers, ndipo mbali zonse ziwiri kwagona mikango yosemedwa, yogwira zishango zokhala ndi nangula, kukumbutsa aliyense wodutsa pa bwato kuti mwini nyumba ndiye mkulu wa zombo. Mbali yoyang'ana kunyumba ndi yosalala ndi yosakometsedwa kwambiri. Zokongola zonse adaziika kumene anthu akunja ankaonera. Akatswiri a mbiri amatchula anthu atatu pokamba za amene adajambula chipatachi: Inigo Jones, Balthazar Gerbier ndi mmisiri wosema miyala Nicholas Stone.

Mwini chipata adachigwiritsa ntchito zaka ziwiri zokha. Mu Ogasiti 1628, ali mumzinda wa Portsmouth kukonzekera nkhondo ina, msilikali wina wokwiya dzina lake John Felton adamubaya ndi mpeni, ndipo adafera pomwepo ali ndi zaka 35. Mkhate udamuteteza kwa aphungu, koma sudamuteteze kwa munthu mmodzi wa chidani.

Dzina logawidwa m'misewu isanu

Mwana wake, amenenso dzina lake lidali George Villiers, adabadwa m'chaka chomwe bambo wake adaphedwa. Adakula wanzeru, wanthabwala, koma wa dzanja lobooka. Ngongole zitamufika m'khosi, m'chaka cha 1672 adagulitsa York House ndi minda yake pa mtengo wa mapaundi 30,000 kwa anthu amalonda amene ankafuna kugwetsa nyumbayo n'kudula mapuloti.

Pogulitsapo adaika mfundo imodzi yodabwitsa: misewu yatsopanoyo itchulidwe ndi mawu onse a dzina lake ndi ulemu wake, popanda kusiyapo ngakhale limodzi. Motero padabadwa George Street, Villiers Street, Duke Street ndi Buckingham Street. Kudatsala kaliwu kakang'ono kakuti "of", kamene m'Chichewa n'chimodzimodzi ndi "wa". Nakonso adakapezera kanjira kopapatiza, nakatcha Of Alley. Lero kanjirako kamatchedwa York Place, koma chikwangwani chake chimanenabe dzina lakalelo. George Street idasanduka York Buildings, ndipo Duke Street idalowa mu John Adam Street. Villiers Street ndi Buckingham Street zokha ndi zimene zasunga mayina awo. Mwini dzina adamwalira m'chaka cha 1687 m'nyumba ya munthu wina ku Yorkshire, chuma chitatha, wopanda mwana wolowa m'malo mwake.

Nyumba zimene zidamangidwa pamalopa zidali za mtundu watsopano. Moto waukulu wa m'chaka cha 1666 udali utapsereza gawo lalikulu la mzinda wa amalonda, kumene nyumba zambiri zidali zamatabwa. Motowo sudafike ku Strand, koma phunziro lake lidafika. Amisiri adayamba kumanga ndi njerwa, nyumba zogundizana khoma ndi khoma mumzere umodzi, zopapatiza kumaso koma zazitali m'mwamba. Khitchini inkakhala pansi pa nthaka, zipinda zochezera pamwamba pake, ndipo antchito ankagona pafupi ndi denga. Kamangidwe kameneka kankapindulitsa wogulitsa malo, pakuti pamene padali banja limodzi lolemera tsopano padakwana mabanja ambiri. Zina mwa nyumba zimenezi zikadalipo mu Buckingham Street, ngakhale zidakonzedwanso kangapo, ndipo zimadziwika ndi zitseko zake zokhala ndi kadenga kamatabwa osemedwa.

Mmodzi mwa anthu oyamba kukhala mumsewu umenewu adali Samuel Pepys, mkulu wa mu ofesi yoyang'anira zombo zankhondo. Adakhala pa nambala 12 kuyambira 1679, kenaka pa nambala 14 kuyambira 1688 mpaka 1701. Pepys amakumbukiridwa chifukwa cha buku limene ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku pakati pa 1660 ndi 1669, mmene adalongosola mliri wa 1665 ndi moto wa 1666 monga adazionera ndi maso ake. Zimene anzake ankangokamba pamowa, iye ankazilemba, ndipo n'chifukwa chake London wa nthawi imeneyo akudziwika bwino mpaka lero.

Kumunsi kwa Villiers Street kudakhazikitsidwanso kampani yopopa madzi m'chaka cha 1675. Inkatunga madzi mu Thames n'kuwatumiza m'mipope kunyumba za anthu, ndipo pambuyo pake idamanga nsanja yaitali yamatabwa imene imaoneka m'zithunzi zakale pafupi ndi chipata chija. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuisunga: anthu a mu London ankamwa madzi a mumtsinje womwewo umene ankatayamo zonyansa.

Abale anayi a ku Scotland

Chakum'mawa pang'ono kwa Buckingham Street, abale anayi a banja la Adam, Robert, James, John ndi William, adayamba ntchito yaikulu m'chaka cha 1768. Malo amene adabwereka adali otsetsereka ndi a matope. Nzeru yawo idali yakuti amange kaye mapanga akuluakulu a njerwa, okhota pamwamba, kuchokera pagombe mpaka kulingana ndi msewu wa Strand, ndipo pamwamba pa mapangawo ayale misewu ndi mzere wa nyumba zokongola zoyang'ana kumtsinje. Pansi pazikhala katundu wotsika m'mabwato, pamwamba pazikhala anthu olemera. Malowo adawatcha Adelphi, kuchokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza abale.

Mutu umodzi susenza denga, koma nthawi zina ngakhale mitu inayi imalemedwa. Boma, limene ankayembekezera kuti libwereka mapangawo, silidatero, ndipo madzi akakwera ankalowa m'munsimo. Ndalama zidawathera. Nyumba ya Malamulo idawalola kuchititsa mayere ogulitsa matikiti, ndipo m'chaka cha 1774 nyumba zambiri zidapita kwa amene mwayi udawagwera. Mapanga aja adasanduka mosungira malasha ndi vinyo, popeza vinyo amafuna malo amdima ndi ozizira mofanana chaka chonse. M'zaka za m'ma 1800 adasandukanso pogona pa anthu osowa pokhala. Olemera ankavina pamwamba, amphawi akugona pansi pa mapazi awo. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

M'chaka cha 1936 gawo lalikulu la Adelphi lidagwetsedwa, ndipo pamalopo padamangidwa nyumba yaikulu ya maofesi. Anthu ambiri adadandaula, koma madzi akatayika saoleka. Kugwetsedwa kwa nyumba zotere kudathandiza kuti m'chaka cha 1937 pakhazikitsidwe bungwe la Georgian Group loteteza nyumba za nyengo imeneyo. Zotsala za abale aja ndi zochepa: nyumba ya Royal Society of Arts mu John Adam Street, imene idatha kumangidwa mu 1774, nyumba zingapo zoyandikana nayo, ndi kamsewu ka pansi pa nthaka kotchedwa Lower Robert Street.

Chaka cha fungo

Pofika chaka cha 1850, anthu a mu London adali ataposa 2 miliyoni. Zimbudzi zogujumula zidayamba kufala, ndipo zonyansa zimene kale zinkathera m'maenje tsopano zinkatsikira m'ngalande n'kukathira mu Thames. Madzi akamatsika ankapita nazo, akamakwera ankabwera nazonso. Kolera adapha anthu oposa 14,000 mumzindawu m'zaka za 1848 ndi 1849, ndi enanso oposa 10,000 m'zaka za 1853 ndi 1854. Dokotala John Snow adaonetsa mu 1854 kuti anthu a ku Soho ankadwala chifukwa cha madzi a pa mjigo umodzi wa mu Broad Street, koma akuluakulu ambiri ankakhulupirirabe kuti matendawa amayenda mu mpweya wonunkha. Amene ankafa kwambiri adali amphawi, choncho nkhani ya ngalande inkangokambidwa m'misonkhano osatha.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'chilimwe cha 1858 kudatentha modabwitsa, madzi a mumtsinje adachepa, ndipo matope a m'mbali adayamba kununkha koopsa. Nyumba ya Malamulo ili pagombe penipeni. Makatani a m'mawindo adawanyika m'mankhwala ophera fungo, koma sizidathandize, ndipo aphungu ankatuluka m'zipinda atatseka mphuno ndi mipango. Zimene imfa za anthu zikwizikwi zidalephera kuchita, fungo lidazichita m'masabata osakwana atatu. Mu Ogasiti 1858 lamulo lidakhazikitsidwa lopatsa bungwe la Metropolitan Board of Works mphamvu zobwereka ndalama ndi kuyamba ntchito.

Injiniya wamkulu wa bungweli adali Joseph Bazalgette. Nzeru yake idali yosavuta kuimvetsa ngakhale idali yovuta kuichita. Ngalande zakale zonse zinkatsetserekera kumtsinje. Iye adakumba ngalande zikuluzikulu zopingasa, zoyenda motsatira mtsinjewo, kuti zizilandira zonyansazo zisadafike m'madzi ndi kupita nazo kutali kum'mawa, kunja kwa mzinda. Ngalande zikuluzikuluzi zidakwana makilomita pafupifupi 132, za m'misewu makilomita pafupifupi 1,800, ndipo padalowa njerwa 318 miliyoni zomangidwa ndi simenti imene ankaiyesa mosamala isadagwiritsidwe ntchito.

Vuto lidali lakuti ngalande yotsika kwambiri inkayenera kudutsa m'munsi mwa Strand, ndipo kukumba msewu wodzaza choterowo kukadaimitsa mzinda wonse. Bazalgette adasankha kulanda malo kwa mtsinje. Adamanga khoma lamphamvu m'kati mwa madzi, lokutidwa ndi miyala yolimba, nakwirira dothi kuseri kwake. M'kati mwa dothilo adaikamo ngalande, njanji ya sitima ya pansi pa nthaka, ndi njira ya mipope. Pamwamba adayala msewu waukulu. Ntchitoyi, yotchedwa Victoria Embankment, idatsegulidwa mu Julayi 1870, italanda maekala pafupifupi 37 kwa mtsinje. Pamalo otsala padadzalidwa mitengo ndi maluwa.

Umu ndi mmene chipata cha Buckingham chidatsalira pouma. Chipatacho sichidasunthe ngakhale phazi limodzi. Mtsinje ndiwo udakankhidwa. Wochiyang'ana bwino amaona kuti chili ngati chamira pang'ono m'kadzenje, chifukwa nthaka ya m'munda ndi yokwera kuposa gombe lakale, ndipo masitepe amene ankatsikira kumabwato adakwiririka. Ndicho chizindikiro chooneka bwino kwambiri cha pamene madzi ankafika. Kolera adabweranso kamodzi kokha, mu 1866, ndipo adakantha kwambiri kum'mawa kwa mzinda kumene ngalande zatsopano zidali zisadalumikizidwe.

Derali lili ndi ulusi umodzi wofika ku Malawi. Kutsidya kwa Strand, mu Agar Street, kudali chipatala cha Charing Cross, kumene David Livingstone adaphunzirako zaudokotala asadapite ku Africa m'chaka cha 1840. M'chaka cha fungo chomwecho, 1858, iye adanyamuka ulendo wake wa ku Zambezi, umene udamufikitsa ku Nyanja ya Malawi mu 1859. Nyumba ya chipatalayo ikadalipo, koma tsopano ndi polisi.

Njanji ifika

Pamene Bazalgette ankakankha mtsinje, njanji nayo inkadya mbali ya kumadzulo kwa Villiers Street. Pamalopo padali msika wa Hungerford, ndipo pagombe lake padali fakitale ya polishi wa nsapato mmene Charles Dickens adagwiramo ntchito yomata mapepala pa mabotolo mu 1824, ali ndi zaka 12, bambo wake ali m'ndende chifukwa cha ngongole. Msikawo udagwetsedwa, ndipo siteshoni ya Charing Cross idatsegulidwa mu 1864. Mlatho wa anthu oyenda pansi umene Isambard Kingdom Brunel adamanga mu 1845 udachotsedwa kuti pakhale mlatho wa sitima, koma maunyolo ake sadatayidwe: adakawagwiritsa ntchito pa mlatho wa Clifton ku Bristol. Siteshoniyi nayo idakhala pa mapanga a njerwa, amene lero muli masitolo ndi nyumba ya zisudzo. Pamwamba pa njanji padamangidwa maofesi ojambulidwa ndi Terry Farrell, amene adatha cha m'ma 1990. Choncho woyenda mu Villiers Street amakhala ndi nyumba zakale za njerwa kudzanja limodzi, ndi chimphona cha chitsulo ndi magalasi kudzanja linalo.

Nyumba ya vinyo

Nyumba imene muli Gordon's idali mosungira katundu wa amalonda a mbewu pamene mabwato ankafika pakhomo pake. Mtsinje utachoka, ntchito imeneyo idatha, ndipo zipinda zapamwamba zidasanduka zogona anthu ochita lendi. Mmodzi wa iwo adali Rudyard Kipling, mnyamata wobadwira ku India, amene adakhalamo kuyambira 1889 mpaka 1891 ndipo adalemberamo buku lake la The Light That Failed. Pambuyo pake adalandira mphoto ya Nobel mu 1907, ngakhale ambiri lero amamukumbukiranso monga wotamanda utsamunda. Nyumbayi tsopano imatchedwa Kipling House.

Zipinda zapansi zidapeza ntchito ina. Mu 1860 boma lidatsitsa msonkho wa vinyo ndi kufewetsa malamulo a kagulitsidwe kake, kotero chakumwa chimene kale chidali cha olemera okha chidafika kwa makalaliki ndi apaulendo. Siteshoni idali pafupi, nyumba za zisudzo zidali pafupi. Mu 1890 bambo wina wa dzina la Gordon adatsegula malo ake m'zipinda zapansizo. Iyeyu adali wa m'gulu lakale la ogulitsa vinyo, la Vintners, limene lidalandira chikalata cha mfumu mu 1363, ndipo ena mwa mamembala ake adali ndi ufulu wogulitsa vinyo popanda chiphaso. M'zaka za m'ma 1970 malowa adagulidwa ndi banja lina, nalonso la Gordon, ngakhale padalibe chibale pakati pawo. Dzina la pakhomo silidafunike kusintha.

Munthu amatsika masitepe opapatiza n'kufika m'chipinda cha makoma a matabwa, odzaza ndi nyuzipepala zakale zofiirira ndi ukalamba. Kupitirira apo kuli phanga lenileni, la denga lokhota ndi lotsika kotero kuti wamtali amayenda chowerama. Makoma ake adada ndi mwaye wa makandulo, ndipo makandulo ndiwo amaunikirabe pa matebulo. Kamangidwe ka denga lokhotali n'kofanana ndi ka mapanga a Adelphi, a siteshoni ndi ngalande za Bazalgette. Njerwa iliyonse imatsamira inzake, ndipo katundu wa pamwamba akamalemera, m'pamenenso zimagwirana kwambiri. Dera lonseli laima pa nzeru imodzi yomweyo.

Kuseri kwa kauntala kuli migolo yamatabwa ya sherry wa ku Spain, ndi port ndi madeira a ku Portugal. Awa ndi mavinyo owonjezedwa mphamvu kuti asawonongeke paulendo wautali wa panyanja, ndipo Angerezi adawazolowera makamaka pamene nkhondo zinkatseka malonda ndi France. Pangano la Methuen la mu 1703 lidatsitsa msonkho wa vinyo wa ku Portugal, ndipo kukoma kumene ndale zidabweretsa kudasanduka mwambo. Ngakhale chimene chili m'tambula chili ndi mbiri yake.

Kunja, matebulo adandandalikidwa m'kanjira kotchedwa Watergate Walk, kamene kalelo kadali khonde la m'mphepete mwa madzi. Amene amakhala pamenepo madzulo amakhala pagombe lakale la Thames, ngakhale ambiri sadziwa.

Dzina la pakhoma ndi ntchito ya pansi pa nthaka

Anthu awiri adasiya chizindikiro chachikulu m'derali. Banja la Villiers lidafuna kukumbukiridwa, ndipo lidakumbukiridwadi: dzinalo lili pa zikwangwani, pa mapu ndi pakamwa pa oyendetsa matakisi. Koma wofunsa chimene banjalo lidachitira anthu a mu London amapeza nkhondo zolephera, ngongole, ndi chipata chimodzi chokongola. Bazalgette, amene adamwalira mu 1891, ali ndi kachikumbutso kakang'ono pakhoma la mtsinje pafupi ndi mlatho wa Hungerford, kamene anthu amakadutsa osakaona. Ntchito yake ili pansi, mumdima, mmene simulowa mlendo. Komabe ngalande zake zatumikira mzindawu zaka zoposa 150, ndipo anthu atachuluka kuziposa mphamvu, London adachita kukumba ngalande ina ya makilomita 25, yotchedwa Thames Tideway Tunnel, imene idamalizidwa mu 2025, kuti izithandiza zakalezo osati kuzilowa m'malo. Malo ena atsopano a m'mphepete mwa mtsinje, ku Blackfriars, apatsidwa dzina lake.

Palinso chachiwiri choti adzukulu asunge. Chipata cha York chidapulumuka pamene nyumba yake idagwa, ndipo chifukwa cha icho mwana wa sukulu angathe kuimirira pouma n'kuloza pamene mtsinje unkafika. Adelphi adagwetsedwa, ndipo chatsala ndi zithunzi ndi madandaulo. Mzinda sungasunge chilichonse, pakuti amoyo nawo amafuna pogona, njanji ndi madzi abwino. Koma mzinda wanzeru umasiya mboni zingapo: chipata, phanga, dzina la kanjira, ngakhale chipinda chomwera vinyo chimene eni ake adakana kuchipaka utoto watsopano. Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo miyala imene akuluwo adasanja imalankhulanso chimodzimodzi kwa amene waima n'kufunsa.